Chigamba cha 99: mbiri ya anthu osokerera zatsopano pa makina akale

Ndiyambe ndi kukutumani. Tengani foni yanu, tsegulani pamene pali mayina, mufufuze nambala ya munthu wamkulu kwambiri amene mumamuimbira: agogo, amalume, kaya a tcheyamani a kalabu ya fodya kumudzi kwanu. Kawirikawiri mupeza kuti nambalayo ikuyamba ndi 0999 kapena 0888. Ngati ndi choncho, dziwani kuti nambala imeneyo ili ndi chigamba. Inabadwa yaifupi, madijiti awiri anachita kusokereredwa itakula kale. Nkhani yanga ndi ya chigamba chimenecho ndi zinzake, komanso ya anthu amene ntchito yawo ndi kusokerera zatsopano pa makina akale popanda kuwang'amba.

Mafoni a m'manja anafika m'Malawi muno ndi TNM, kampani imene inakhazikitsidwa mu 1995 pa mgwirizano wa bungwe la boma loona za mapositi ndi matelefoni ndi kampani ya Telekom Malaysia. Celtel inatsatira mu 1999, ndipo pakati pa ziwirizi panabadwa MACRA, kudzera mu lamulo la 1998, kuti ikhale kapitawo wa zonsezi. Poyamba foni inali ya mabwana a m'tauni ndi eni maesiteti. Kuno ku Kasungu inalowa m'midzi pa msana pa fodya. Kuyambira cha mu 1990 boma linayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale, amene kale anali wa maesiteti okha, ndipo mlimi akachoka ku okushoni ankagula njinga, wailesi ndi malata. M'zaka za m'ma 2000 pa mndandandawo panawonjezereka Nokia, makamaka 1100 ija ya tochi. Magetsi kunalibe, moti William Kamkwamba atamanga makina ake a mphepo ku Wimbe, ena mwa anthu oyamba kumuona ngati wanzeru osati wamisala anali ofuna kutchajitsa mafoni.

Nambala za nthawi imeneyo zinali za madijiti asanu ndi atatu. Za TNM zinkayamba ndi 08, za Celtel ndi 09, kenako madijiti asanu ndi limodzi. Tachitani samu yake: madijiti asanu ndi limodzi amangokupatsani nambala 1,000,000 basi. Amene anakonza dongosololo mwina ankaona ngati miliyoni ndi nyanja yosaphwa. Koma inaphwa. Makampani anayamba kupempha mizere ina, n'chifukwa chake kunabwera nambala zoyamba ndi 05 ndi 04. Mu 2009 MACRA inasintha dongosolo lonse kuti nambala ya foni ya m'manja ikhale ya madijiti khumi. Pambuyo pa 099 pakabwera madijiti asanu ndi awiri, malo amakwana 10,000,000.

Kumbali ya makampani, kusinthaku kunachitikira m'makina awo akuluakulu, ife osaona. Koma mayina a m'foni mwanu panalibe amene akanakusinthirani ali kutali. Foni ya mabatani inalibe intaneti, inalibe njira yolandirira pulogalamu yokonza. Nambala iliyonse inayenera kutsegulidwa, kukonzedwa ndi chala, kusungidwanso, ndipo SIM khadi imodzi inkatha kusunga mayina mazana awiri ndi kupitirira. Ine nthawi imeneyo n'kuti ndili ku sekondale, ndipo amene munali ana a sukulu ngati ine mukukumbukira mmene tinasandukira amisiri. Madzulo munthu wamkulu ankabwera foni ili m'manja: "Mwana wa sukulu, tandikonzereko izi." Lamulo lake tinaliloweza ngati ndakatulo ya mayeso. Ikayamba ndi 09, ikhale 0999. Ikayamba ndi 08, ikhale 0888. Ya 05 ikhale 0995, ya 04 ikhale 0884. Ya 01, ija ya telefoni ya m'nyumba ndi m'maofesi, osaikhudza. Sungani mfundo yomalizayo, tiipezanso kutsogoloku.

Ndipo si mafoni okha. Nambala zinali pa zikwangwani za magolosale, pa zitseko za malole onyamula mabelo, m'makope a alembi a makalabu, kuseri kwa makalendala. Olemba zikwangwani anapeza ganyu yopanikiza ka 99 kakang'ono pakati pa madijiti akuluakulu, ndipo mukayang'anitsitsa makoma ena akale pa matreding'i senta mukaonabe. Ovutika kwambiri anali abale a ku Joni amene nambala ya kwawo anailemba pa kapepala n'kuika m'chikwama. Nambala yakale itasiya kulowa, munthu ankangoganiza kuti foni ya kumudzi yabedwa, kapena akumuzimitsira dala. Uthenga wa madijiti awiri okha unayenda pakamwa, pa basi, mpaka kukafika ku Johannesburg.

Anthu a makompyuta ntchito yotereyi ali nayo dzina, amati backport. Ndiko kutenga kusintha kumene kwapangidwira makina atsopano n'kukulowetsa m'makina akale amene anthu akuwadalira, osagwedeza china chilichonse. Ine ndimagulitsa kaunjika, ndiye chithunzi chake ndimachiona tsiku ndi tsiku. M'belo mumatuluka jekete yolimba bwino, koma zipi yafa. Telala wodziwa ntchito amachotsa zipi yokhayo, kuika yatsopano, kolala ndi matumba osazikhudza. Telala wajijirijijiri amati poti ndatsegula kale ndikonzenso apa, mapeto ake jekete yasanduka chinthu china chimene kasitomala sanachifune. Komanso nsalu yatsopano ili ndi khalidwe lake, imafupika ikachapidwa koyamba n'kukoka yakale ija mpaka kuing'amba. Luso lagona pa kudziwa kukula kwa chigamba.

Mbiri ya luso limeneli pa makompyuta imaoneka bwino pa Debian. Kompyuta iliyonse imakhala ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse, monga mmene Android imayendetsera foni zambiri. Debian ndi imodzi mwa zimenezi, ya banja la Linux, yaulere, ndipo anaiyambitsa Ian Murdock mu Ogasiti 1993 ali wophunzira pa Purdue University ku America. Amaipanga ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana. Anthuwa anagawa ntchito yawo m'madengu atatu. Dengu loyamba ndi la zatsopano zimene zingathe kusweka tsiku lililonse. Lachiwiri ndi la zimene zikuyesedwa. Lachitatu ndi lokhazikika, limene limatuluka pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, ndipo likatuluka amalimanga pakamwa: mumalowa zokonza mabowo a chitetezo ndi zolakwika zazikulu basi. Banki, chipatala kapena sukulu imasankha dengu lachitatuli chifukwa ikufuna kuti makina amene anayenda dzulo ayendenso mawa chimodzimodzi.

Koma kunja dziko silimaima. Mwagula modemu yatsopano, pulogalamu yanu yokhazikika ija siikuidziwa chifukwa modemuyo inapangidwa iyo itatuluka kale. Mutaye zonse n'kuyambiranso chifukwa cha modemu? Apa ndi pamene anthu ena odzipereka anayamba kutenga mapulogalamu a m'dengu loyesedwa, kuwasokanso kuti akwane pa lokhazikika, n'kuwaika pambali kuti wofuna atenge yekha. Kwa zaka zingapo inali ntchito ya kuseri, mpaka mu Sepitembala 2010 pamene Debian inailandira kukhala gawo lake lovomerezeka.

Mwana wa Debian wotchuka kwambiri ndi wa kuno kumwera kwa Africa. Mark Shuttleworth, wobadwira ku Welkom ku South Africa, anagulitsa kampani yake ya Thawte mu 1999 pa madola pafupifupi 575 miliyoni, anakwera chombo kupita kumlengalenga mu 2002, ndipo pa 20 Okutobala 2004 anatulutsa Ubuntu. Dzinalo musalione lachilendo, ndi umunthu wathu womwewu m'chilankhulo cha anzathu a kumeneko. Mpaka mu 2011 ankatumiza ma CD ake ulere pa positi kwa aliyense wopempha. Ubuntu imatuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, koma pa zaka ziwiri zilizonse amatulutsa ina yolonjezedwa kusamalidwa nthawi yaitali, imene masiku ano lonjezo lake laulere ndi zaka zisanu. Yoyamba ya mtundu umenewu inatuluka pa 1 Juni 2006.

Sipanathe miyezi itatu, anapsa manja. Mu Ogasiti 2006 anatumiza chigamba chokonza mbali ya pulogalamu imene imajambula zooneka pa sikirini. Anthu ambiri anachilandira, kuzimitsa makina, poyatsanso n'kupeza zithunzi kulibe, mbewa siikugwira, pangotsala malembo odandaula. Chokonza chinatuluka mwachangu, koma munthu wamba amene sadziwa kulamula kompyuta ndi malembo akanachitenga bwanji? Tangoganizani, pulogalamu imene inagulitsidwa ndi mawu akuti yokhazikika, n'kugwetsedwa ndi eni ake omwe. Kuchokera pamenepo malamulo awo osinthira pulogalamu yotuluka kale anakhwima, ndipo ndi malamulo amenewa amene ine ndimawasirira.

Wofuna kusokerera chigamba ayenera kuyamba waonetsa kuti vutolo lakonzedwa kale mu Ubuntu imene ikupangidwa kumene, kuti anthu asadzakumane nalonso akadzasamukira kutsogolo. Kenako alembe poyera kuti vutoli likupweteka ndani, munthu wina angayese bwanji kuti aone ngati latha, komanso, apa ndiye pamene pali nzeru, alembe yekha malo amene chigamba chakecho chingawononge. Telala akuuzeni asanasoke kuti apa pakhoza kung'ambika! Akatero chigambacho chimaikidwa kaye m'kachipinda koyesera, kumene amachitenga okhawo ofuna kuthandiza kuyesa, ndipo chimakhala kumeneko masiku osachepera asanu ndi awiri. Chikapambana sichipita kwa onse nthawi imodzi. Amayamba ndi makina 10 mwa 100 alionse, kuwonjezera pang'onopang'ono, ndipo malipoti a zolakwika akachuluka amachiimitsa. Amene mukuona ngati ndi chidodo kumbukirani 19 Julayi 2024, tsiku limene kampani ya CrowdStrike inatumiza chigamba chimodzi kwa makasitomala ake onse nthawi imodzi. Makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anafa, ndege zinalephera kunyamuka, ndipo ambiri mwa makinawo anachita kukonzedwa ndi manja, imodziimodzi, ngati ife mu 2009.

Tsono pa zigamba zonse, choopsa kwambiri ndi cha netiweki. Chigamba chikawononga pulogalamu yosindikizira makalata, mawa mulandira china chokonza kudzera pa intaneti, nkhani yatha. Koma chikawononga njira imene kompyuta imalumikizirana ndi anzake, chokonzacho chidzera kuti? Zili ngati kugumula mlatho wa Bua pa M1 kuti muukonze, pamene simenti, zitsulo ndi amisiri onse zili tsidya la Lilongwe. Makina ambiri ofunika amakhala m'chipinda chokhoma, kutali ndi amene amawayang'anira. Katswiri ali ku Blantyre, makina ali pa chipatala cha kumudzi. Akalakwitsa adilesi imodzi ya netiweki, wadzitsekera kunja, ndipo chotsala ndi kukwera basi.

Mu 2017 Ubuntu inasintha njira yake yolembera masetingi a netiweki n'kutenga chida chatsopano chotchedwa Netplan, chimene chinalowanso mu Ubuntu yokhalitsa ya Epulo 2018. Masetingiwo amalembedwa mu kafayilo kamene ngakhale mpata umodzi wosiyidwa molakwika koyambirira kwa mzere umasokoneza tanthauzo. Vuto linali loti Netplan inali idakali khanda, ikukula msanga, pamene anthu anali atakhazikika kale pa Ubuntu ya zaka zisanu. Kuwasiya ndi Netplan yakale kunali kuwasiya ndi zolakwika zodziwika kale. Kuwapatsa yatsopano kunali kuswa lamulo lija la chigamba chaching'ono. Chimene anachita ndi kupereka chilolezo chapadera choti Netplan yatsopano izibwezeredwa ku Ubuntu zokhalitsa, pokhapokha itapambana mayeso ambiri otsimikizira kuti masetingi amene munthu analemba kale akugwirabe monga kale. Ndi lamulo lija la 01: chimene chikuyenda, osachikhudza.

Mu Netplan muli kachinthu kamene ndikanakonda kakanakhala m'makina onse. Pali lamulo lakuti netplan try. Mukalilemba, masetingi atsopano amayamba kugwira, koma makina amayamba kuwerenga masekondi 120 akudikira kuti mutsimikize. Mukatsimikiza, zakhazikika. Mukakhala chete, makina amaganiza kuti mwina mwadulidwa, ndipo amabwerera okha ku masetingi akale. Amene anaganiza zimenezi ayenera kuti anakwerapo basi ija.

Alimi anzanga a fodya, musaone ngati izi ndi za anthu a m'maofesi okha, chifukwa akatswiri a mbewu anayamba kale ntchito yomweyi makompyuta kulibe. Mlimi amakonda mtundu wa fodya umene akuudziwa, umene tsamba lake limauma bwino m'chigafa ndipo ogula ku Chinkhoma amalizindikira. Kenako kwabwera matenda. Kutchire kuli wachibale wa fodya, tsamba lake lachabechabe, koma matendawo samugwira. Akatswiri amakwatitsa awiriwa, ndipo mwana amatenga theka uku theka uku. Mwanayo amamukwatitsanso ku mtundu wakale uja, n'kusankha ana okhawo amene asunga mphamvu yokana matenda. Akatero magazi a mtundu wakale amafika magawo 75 pa 100, ulendo wina 87.5, wina pafupifupi 94, ndipo pofika ulendo wachisanu ndi chimodzi adutsa 99. Mwapeza fodya wanu yemwe uja, wangowonjezera chinthu chimodzi. Mu 1938 katswiri wa ku America F. O. Holmes anasindikiza za ntchito yolowetsa mu fodya mphamvu yokana matenda a mozayiki, aja amaika mawangamawanga pa tsamba, kuchokera ku chomera chotchedwa Nicotiana glutinosa. Koma nacho chigambachi chinakoka nsalu: pa fodya wowotcha m'mabalani, mitundu yambiri imene inalandira mphamvuyi inkatsika pa zokolola ndi pa maonekedwe a tsamba, chifukwa pamodzi ndi chabwinocho panalowanso tina tosafunika. Ntchito ya mtundu umenewu ndi imene imadya zaka kwa akatswiri a ARET kuno kwathu ndi a Kutsaga ku Zimbabwe.

Tibwerere ku makina. M'Malawi muno chitsanzo chimene chimandisangalatsa ndi cha Baobab Health. Ku America kunali timakompyuta totchipa totchedwa i-Opener, timene kampani ya Netpliance inkagulitsa pa madola 99 kenako n'kutisiya bizinesi itavuta. Gerry Douglas anatenga timakina tosiyidwa timeneti, kutiika sikirini yogwira ndi chala, ndipo mu 2001 tinayamba kulembetsa odwala pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero timati Kamuzu Central. Amene munamatidwapo kapepala ka mizeremizere pa kabuku kanu ka kuchipatala, mzere wake umachokera kumeneko. Katundu amene eni ake anamulemba kuti wafa anadzagwira ntchito ya moyo kuno.

Nanga mafoni athu amawasokerera ndani? Intaneti itayamba kulowa m'mafoni, mawu atsopano analowa m'Chichewa: masetingi. Foni kuti ipeze intaneti imafuna kuuzidwa dzina la chipata cha kampani yanu, chimene amati APN. Koma mafoni athu ambiri ankabwera atagwira kale ntchito kwina, ku South Africa, ku Dubai, ku Tanzania, akudziwa zipata za Vodacom ndi MTN, za kuno osazidziwa. Kampani inkatumiza masetingi pa uthenga, foni ina n'kulandira, ina n'kukana. Yokanayo inkathera kwa anyamata a pa ambulera mumsika, aja amakonza mafoni ndi kulowetsa nyimbo m'memori khadi. Mnyamata ankalemba ndi chala mawu awiri atatu amene ali nawo pamtima, kutsegula Opera Mini, kukuonetsani kuti yalowa, inu n'kulipira. Palibe amene anawalemba ntchito anyamatawa, palibe amene anawaphunzitsa m'kalasi, koma dziko lino linalowa pa intaneti kudzera m'zala zawo. Pamene iwo sankafika, zakale zinkatsala. Celtel inasanduka Zain mu Ogasiti 2008, Zain n'kusanduka Airtel mu Novembala 2010, koma Nokia zina zakale zinapitiriza kulemba dzina lakale pa sikirini, chifukwa mndandanda wa mayina a makampani unawotcheredwa m'foni tsiku limene inapangidwa.

Kwa ine, chigamba chachikulu kuposa zonse chimene dziko lino linalandira ndi ndalama za pafoni. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013. Zikanafuna foni ya makono, kumudzi zikanafika liti? Koma anazimanga pa njira yakale ya nyenyezi ndi hashi, ija timaonera mayunitsi, imene ili m'mafoni kuyambira zaka za m'ma 1990. Mukaimba *211# kapena *444#, mndandanda umene mukuona suli m'foni mwanu, uli m'makina a kampani, foni ikungoonetsa. Akafuna kuwonjezera kulipira magetsi kapena kutumiza ku banki, amasintha kwawo komweko, ndipo foni ya mabatani ya agogo imadzuka m'mawa ili ndi zatsopano. Bizinesi yanga yaima pamenepo. Mayi wa ku Chamama kapena ku Santhe amatenga mabulangete mu Meyi kuzizira kukuyamba, mabelo awo adakali pa mzere, ndipo ndalama zikatuluka amanditumizira ali kwawo. Foni yawo ndi ya mabatani, batire yomangidwa ndi mphira.

Koma si onse amene amakumbukira eni zakale. WhatsApp inasiya mafoni a Nokia a mtundu wa S40, kuphatikizapo Asha zija tinkazinyadira, pa 31 Disembala 2018. Mu Okutobala 2023 inasiya mafoni onse a Android yosafika 5.0. Foni ili bwinobwino, sikirini yosasweka, batire ikusunga moto, koma gulu la maoda a kaunjika simungalowemo. Palinso lina lobisika. Foni imazindikira kuti tsamba la pa intaneti ndi lenileni pogwiritsa ntchito mndandanda wa zidindo zodalirika umene inabadwa nawo, ndipo zidindozo zimatha nthawi. Chimodzi chimene masamba mamiliyoni ankadalira kudzera ku bungwe la Let's Encrypt chinali choti chithe pa 30 Sepitembala 2021, ndipo mafoni a Android yosafika 7.1.1 sankadziwa cholowa m'malo mwake. Mu 2020 bungwelo linawerengera kuti imeneyo inali pafupifupi foni ya Android imodzi mwa zitatu zilizonse. Opanga mafoniwo sanatumize chigamba. Ndi bungwelo limene linapeza njira yozembera kumbali yake, n'kugulira mafoni akale zaka zitatu, zimene zinatha mu 2024. Ngati muli ndi foni yakale imene masamba ena imangoti ndi osatetezeka, mwina mwapeza chifukwa chake, ndipo si mabandulo.

Ena amati zakale sizitheka kukonzedwa. Ine ndimakana, ndipo umboni ndi Windows XP. Microsoft inasiya kuisamala pa 8 Epulo 2014. Pa 12 Meyi 2017 kachilombo ka WannaCry kanagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150, zipatala za ku Britain n'kuyamba kubweza odwala. Pasanathe masiku awiri, chigamba cha XP yomwe ija anati yafa chinatuluka kwa aliyense, ulere. Singano inalipo, ulusi unalipo. Chimene chinasintha ndi amene ankalira.

Komabe ndisanamize, ntchitoyi ndi yolemetsa. Mtundu wakale uliwonse umene mwalonjeza kusamala ndi mayeso ena, anthu ena, usiku wina osagona, ndipo ulemu wake ndi wochepa chifukwa ikayenda bwino palibe amaona. Anthu amatama wopanga diresi, osati woika zipi. Mu 2023 osamala mtima wa Linux analengeza kuti mitundu yawo yokhalitsa aziisamala zaka ziwiri m'malo mwa zisanu ndi chimodzi, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali kutopa kwa anthu ochepa amene amasenza katunduyo. Ngati odzipereka atopa, makampani safuna, otsala ndi malamulo. Maiko a European Union anaika lamulo, loyamba kugwira pa 20 Juni 2025, lokakamiza opanga mafoni kupereka zokonza kwa zaka zosachepera zisanu kuchokera pamene mtundu wa foniwo wasiya kugulitsidwa. Ndi lamulo labwino, koma ife a kaunjika tikudziwa mmene katundu amayendera. Zaka zambiri za lonjezolo zimadyedwa foni ili m'thumba la mwini wake woyamba. Ikamatsika pa depoti ya Kasungu, lonjezo latsala pang'ono kapena latha. Google nayo, kuyambira pa Android 10 mu 2019, inayamba kutumiza yokha zokonza mbali zina za netiweki osadikira wopanga foni, koma zimenezo zimathandiza amene ali pa 10 kupita kutsogolo.

Chimene chikubwera ndi chachikulu kuposa 2009. Mu 2024 boma la South Africa linaika m'ndondomeko yake cholinga choti 2G ndi 3G zikhale zitazimitsidwa pofika kumapeto kwa 2027, ndipo maiko ena angapo anazimitsa kale. Makampani amafuna mpata wa mumlengalenga umenewo kuti aikepo 4G ndi 5G. Kaya tsikulo lisunthidwa kangati, njira ikuloza komweko, ndipo zimene zachitika kumwera sizichedwa kutipeza. Choyamba kufika chidzakhala mafoni okanidwa kumenekowo, otchipa, odzaza zikwama za obwera pa basi. Pambuyo pake funso lomwelo lidzafika pa tebulo la MACRA.

Foni zambiri za mabatani zimene zili m'midzi ya kuno zimangomva 2G basi. Si nkhani ya masetingi ayi, ndi kachitsulo kolandira mawu kamene kali m'kati, ndipo mwana wa sukulu kapena mnyamata wa pa ambulera sangakalembe ndi chala. Wailesi ya kanema itayamba kusamuka kuchoka ku njira yakale kupita ku ya digito, potsatira tsiku la 17 Juni 2015 limene maiko anagwirizana, eni ma TV akale anapatsidwa pothawira: kugula dikoda, monga ya Kiliye Kiliye, kulumikiza kumbuyo, TV ya chimsana ija n'kupitiriza kuonetsa. Foni ya mayi wa ku Chamama uja ilibe polumikiza dikoda, ndipo m'menemo ndi mmene muli nambala yawo ya 0999, akaunti yawo ya ndalama, ndi ngongole yanga ya mabulangete atatu.